Bokosi la Asewere Anga ndi Galimoto Yokana Kulira

Amene tinalipo tsiku limenelo ndiwatchule onse, kuti wina asadzanene kuti Lufeyo Mbewe amawonjezera nkhani. Ine mwini galimoto ndinali pa chiwongolero. Pambali panga panakhala alongo anga a Nambewe, amene anandibereka kumsana ndili khanda, ndipo mpaka lero amayesa kuti ndikadali kumsana kwawoko. Kumbuyo kunali amuna awo, alamu anga a Kalitsiro, pamodzi ndi Namakhwa, bambo wa ku Phalombe amene ankagwira utenanti m'munda wanga wa fodya. Pakati pa awiriwo panali bokosi la maliro, latsopano, lonunkha vanishi, lopanda munthu. Akazi anga Nabanda sanalipo, anali atatsogola dzulo lake kukagona pa siwa. Mwana wanga Limbani sanalinso m'galimoto, koma mawu ake anayenda nafe pa foni.

Omwalirawo anali asewere anga, mai Nangozo a ku Nambuma, amayi a mkazi wa Limbani. Mwana wangayo ndi mkamwini kumeneko. Anamanga nyumba yanjerwa zootcha pamudzi pa eni ake, ndipo maliro atagwa, maso onse anapenya iye pa nkhani ya bokosi. Anandiimbira madzulo.

"Abambo, mabokosi abwino ali ku Namitete kwanuko. Mundisankhire limodzi. Ine ndifunafuna galimoto ya hayala idzatenge m'mamawa."

"Hayala?" ndinatero ine, mpaka nkhuku zinabalalika pabwalo. "Atate ako ali ndi galimoto, iwe ukafune hayala? Anthu a ku Nambuma azinena kuti kwa Mbewe kulibe kanthu? Uwauze adzukulu okumba manda ayambe ntchito kukacha. Dzuwa lisanafike pamutu, bokosi likhala lili pakhomo pa siwa. Ndanena ine."

Limbani anati, "Chabwino, abambo. Koma kukutentha. Amwalirira panyumba, ndiye thupi silingagonenso usiku wina."

Unali mwezi wa Okutobala, nyengo yothirira nazale za fodya, dzuwa lija loti ukaponda pansi wopanda nsapato umavina.

Galimoto yanga ndi pikapu yakale ya petulo. Ndinagula kwa mwini esiteti ina, ndipo pamene tinkayamba kuvotera zipani zambiri iyo inali kale nkhalamba. Anthu amaiseka, koma mabelo a fodya amene yanyamula palibe angawawerenge. Komanso ine si munthu wongokwera galimoto ayi. Sukulu ndinalekeza Sitandade 2, zoona, koma ndili mnyamata ndinayenda pa malole a esiteti zaka zambirimbiri, kugona pansi pa injini, mafuta kudontha kumaso. Injini ikakhosomola ndimadziwa chimene yadya.

Chotsekera pa thanki chinatayika kalekale. M'malo mwake ndinkatseka ndi chitsononkho, ndipo chinkagwira ntchito bwino lomwe, kungoti m'mabampu petulo ankatayikira pang'ono, fungo n'kumapita kumbuyo. M'mawa umenewo, nditathira mafuta kudzaza mpaka kukamwa, ndinayang'ana bokosi lija ndi nsalu yake yoyera ya m'kati, mtima unandiuza kuti asewere anga sangapite kumanda akununkha petulo ngati makaniko. Ndinazula chitsononkho chija, kuchikulunga m'pepala la pulasitiki la shuga, kuchikhomera, kuvindikiranso pepala lina pamwamba, n'kumanga ndi chingwe cha chubu cha njinga. Ndinamanga ngati mtolo wa nkhuni wopita kutali. Ndinanunkhiza: fungo zii. Ndinadzitama mumtima.

A Nambewe nawo anali ndi zawo. Anathyola nthambi za mango, n'kuzisomeka kutsogolo ndi kumbuyo kwa galimoto.

"Alongo, muli munthu m'menemo kodi?" ndinafunsa.

"Bokosi ndi bokosi. Mukufuna anthu aziimitsa galimoto kupempha matola?"

Tinanyamuka. Pa tala galimoto inayenda ngati mtsikana. Tinadutsa Msundwe ine ndikuimba hutala kupereka moni kwa odziwana nawo. Chakufupi ndi Mpingu tinasiya tala n'kulowa msewu wafumbi wolunjika ku Nsaru. Sitinapite patali. Ndinangomva galimoto ikujejema, ndikaponda mafuta iyo ikubwerera m'mbuyo ngati ng'ombe yokana goli. Inakhosomola, kukhosomolanso, basi zii.

Ndinapotoza kiyi. Sitata inapukusa injini mwamphamvu, tcheketcheketcheke, batire lili ndi moyo wonse, koma kulira ayi. Ndinapotozanso. Chimodzimodzi.

A Kalitsiro anasuzumira pawindo. "Alamu, mafuta sanathe?"

"Mafuta ndathira ndekha inu mukuona! Mukuyesa ndi mowa wanu uja umatha musanakhale pansi?"

Ndinatsika, kugogoda thanki ndi sipanala. Inalira mawu olemera a chinthu chodzaza. Ndinatsegula boneti, onse atatu atandizungulira.

"Tamverani ndikuphunzitseni," ndinatero. "Injini ikamapukusika koma osalira, imakhala yasowa chimodzi mwa zinthu zitatu: moto, mafuta, kapena mpweya. Mafuta alimo. Mpweya uwu," ndinatsegula sefa ya pamwamba pa kabuleta, kuikutumula fumbi. "Ndiye kuti ndi moto."

Ndinamasula mapulagi limodzilimodzi, kuwapala mwaye, kubwezera. Ndinapempha machesi kwa Namakhwa, ndi kumbali kokhula kuja ndinapala mapointi, tizitsulo tija tothetheka moto, mpaka kung'anima. Zonsezi zimadya nthawi, ndipo injini inali yotentha moti zala zinapsa. Bambo wina anabwera pa njinga atanyamula nkhumba. Ataona nthambi za mango anatsika, kuvula chipewa, n'kudutsa akukankha njinga yake, nkhumba ikulira ngati nayonso yaferedwa.

Nditamaliza ndinakwera, kupotoza kiyi nthawi yaitali ndikupopa mafuta ndi phazi. Inagwira, kusiya, kugwiranso, kenako vuuu!

"Mwaona? Mapointi!" ndinakuwa. "Kwerani!"

Foni inalira tikunyamuka. "Muli pati, abambo?"

"Nsaru ndi uyu tikumuona."

Nsaru sitinkamuona, koma munthu woferedwa sumamuwonjezera nkhawa.

Ku Nsaru galimoto inasankha malo oipitsitsa. Inazimira pakati penipeni pa msika, pafupi ndi chiwaya cha tchipisi. Kiyi: tcheketcheketcheke, osalira. Mnyamata wogulitsa nyimbo anazimitsa wailesi yake. Amayi ogulitsa tomato anaimirira n'kumanga bwino zitenje. Anthu anayamba kubwera mmodzimmodzi, manja kumbuyo.

"Pepani, bambo. Zachitika liti?"

"Mulibe munthu m'menemo!" ndinakuwa. "Bokosi lokha! Maliro ali ku Nambuma!"

Gogo wina anandisisita paphewa. "Limbani mtima, bambo. Chisoni chimatero."

Anthu anandiitanira makaniko, mnyamata wamtali wa ovolosi yong'ambika pa bondo. Anafika akutafuna chinangwa.

"Madala, moto ulipo?"

"Moto ndakonza ndekha pa Mpingu."

"Tiyeni tione."

Anazula waya wa pulagi, kupatsa Namakhwa kuti augwirizire pafupi ndi chitsulo cha injini, n'kundiuza kuti ndipotoze kiyi. Namakhwa anagwira waya uja kunsonga kwenikweni. Nditangopotoza, munthu anadumpha m'mwamba ngati waponda njoka, kutukwana m'Chilomwe, n'kukagwera pa dengu la anyezi.

"Moto ulipo," anatero makaniko uja, osaseka n'komwe.

"Bwana, utenanti wanga ndi wa fodya," anatero Namakhwa akupukusa dzanja. "Zamagetsi sitinapangane."

Anthu anafuna kuseka, koma akayang'ana bokosi ankameza kuseka kwawoko.

Makaniko anagwira koyilo, kachitini kotumiza moto ku mapulagi, nati yatentha kwambiri, ndiyo ikuvuta. Anaviika chiguduli m'madzi a mayi wa tchipisi n'kukulunga koyilo ija. Kenako anati mwina sefa ya mafuta yatsekeka ndi dothi. Anaimasula, kuipemerera ndi pakamwa, kubwezera. Kenako anati tidikire izizire. Kudikira! Ine ndikuyenda uku ndi uku, kuyang'ana dzuwa, kuyang'ana boneti, thukuta likutsikira m'jekete yanga ya pamaliro. Mthunzi wanga unali utayamba kulowa pansi pa mapazi. Nthawi imene ndinalonjeza ija inali itakwana, ine ndili pa chiwaya cha tchipisi.

Apo ndi pamene a Nambewe anatsika m'galimoto, kukonza duku, n'kulankhula mokweza kuti msika wonse umve.

"Musavutike ndi zitsulo, anyamata inu. Galimoto ilibe vuto. A Nangozo akukana."

"Akukana chiyani?" ndinatero.

"Akukana bokosi lanu. Mwaiwala zimene munanena pa chinkhoswe cha Limbani? Pamaso pa anthu onse munati kwawo ndi kuthengo, msewu wake woyenda anyani. Mayi aja sanadye tsiku limene lija."

"Ndinanena zoona! Matayala awiri anaphulika tsiku limenelo! Komanso m'bokosimo mulibe munthu, akana bwanji ali ku Nambuma?"

"Wakufa amamva patali."

Anthu a pamsika anavomereza, ena akupereka zitsanzo za kwawo: galimoto yakuti inakana pa mlatho mpaka amalume a malemu analankhula, lole yakuti inakana kutuluka pachipatala. Alongo anga anakwera kumbuyo a Kalitsiro atawagwira dzanja. Anagwada pambali pa bokosi, kugogoda pang'onopang'ono pa chivindikiro.

"A Nangozo, ndine Nambewe. Musavutitse ana. Mlongo wangayu pakamwa pake mumapadziwa, anabadwa choncho. Bokosili wagula ndi mkamwini wanu Limbani, amene ankakutemerani nkhuni. Tiyeni, mayi, dzuwa latentha."

Nthawi yomweyo panafika dalaivala wa lole ya feteleza imene inaima chapatali. Anati akupita chakufupi ndi Nambuma, ndipo ngati tikufuna, bokosi likwere pamwamba pa matumba, munthu mmodzi alitsatire, zolipira tikambirana bwino poti ndi zamaliro.

A Kalitsiro anandikokera pambali. "Alamu, Mulungu watumiza lole iyi. Ndikwera nalo ine bokosili. Inu mubwera pambuyo galimoto ikachira."

Ndinaganiza. Ndinaona m'maganizo mwanga bokosi la asewere anga likulowa m'mudzi pamwamba pa feteleza, a Kalitsiro atalikumbatira, anthu akufunsana kuti nanga a Mbewe aja ankakuwa pa foni ali kuti. Ndinati ndiyese kamodzi kokha. Ndinakwera, kupotoza kiyi. Inapukusa, kupukusa, kupukusa. Vuuu!

"Koyilo!" anatero makaniko.

"A Nangozo amva," anatero alongo anga.

"Mwaona?" ndinauza dalaivala wa lole. "Pitani bwino, achimwene. Feteleza wanu akudikiridwa."

A Kalitsiro anapukusa mutu, koma anakwera. Lole ija inatsogola, fumbi lake tinalimeza mpaka inasowa.

Ku Kabudula ndinadutsa nditagwira mpweya. Pafupi ndi chipatala galimoto inajejema kamodzi, ine ndinainyengerera, "Tiye mayi, tiye, usandichititse manyazi pano." Inamva. Tinapitirira sitolo zomaliza, kulowa msewu wa kumidzi, wamchenga ndi mabampu. Ndinayamba kuwerenga m'mutu midzi imene yatsala. Kenako msewu unatsikira m'dambo lina la madimba, ndipo pansi penipeni, pafupi ndi kamlatho ka mitengo, galimoto inazima kachitatu.

Pamenepo panalibe msika, panalibe makaniko, panalibe ngakhale mthunzi. Amayi angapo ankathirira ndiwo m'madimba chapatali. Dzuwa linali litapendeka.

Ndinaviika mpango wanga m'madzi a pansi pa mlatho, kukulunga koyilo. Ndinapalanso mapointi amene anali ong'anima kale. Kiyi: tcheketcheke, tcheke, tcheke. Mawu a sitata anayamba kulemera. Batire linali likutopa.

Foni inalira.

"Abambo, muli pati tsopano? Musandinamize."

"Tapitirira Kabudula. Kavuto kakang'ono, ndikumaliza."

"Manda atha kalekale, adzukulu atuluka, akhala pansi akungondiyang'ana. Akatekisiti alalikira, amaliza, ayambanso. Kwaya nyimbo zawathera. Amayi a m'nyumba ya siwa akuti thupi layamba kusintha, atsegula mawindo onse. Amalume a mkazi wanga andiitana kawiri. Ndiwauze chiyani?"

"Uwauze Mbewe akubwera!"

"Zimenezo ndawauza kuyambira m'mawa."

Anadula. Ndinaimbanso, foni yanga inandiuza kuti mayunitsi atha.

A Nambewe sanatsike n'komwe. Anangolankhula akuyang'ana kutsogolo. "Ine anandimvera. Tsopano akufuna mawu anu. Pitani mukalankhule."

"Ine ndilankhule ndi matabwa?"

"Mwana wanu akuchita manyazi pamudzi pa eni ake. Inu mukuwerenga za matabwa?"

A Kalitsiro ndi Namakhwa anatsika n'kuima patali, kuyang'ana kumadimba. Ine ndinakwera kumbuyo. Sindinagwade, maondo anga salola. Ndinaika dzanja pa bokosi, linali lotentha ngati mbaula. Ndinayesa kulankhula motsitsa, koma ine mawu otsitsa ndilibe.

"Asewere! Ndine Mbewe. Msewu wa kwanu ndi woipa ndithu, onani nokha pamene tili pano. Koma mwana wanga munamusunga bwino, ndipo bokosili ndasankha labwino kuposa onse anali pamenepo. Tiyeni tizipita."

Amayi a m'madimba anasiya kuthirira n'kumatiyang'ana.

Ndinatsika, kukwera kutsogolo, kupotoza kiyi. Tche... tche... kwa. Batire linatheratu.

"Mwalankhula mwamwano," anatero a Nambewe.

Ndinakakhala pa mlatho, mapazi ali lendelende, mutu uli m'manja. Zimandivuta kukhala chete, koma tsiku limenelo ndinakhala. Ndinabwerera ku zinthu zitatu zija. Moto ulipo, Namakhwa ndi mboni. Mpweya ulipo. Mafuta ndinati alimo chifukwa ndinathira ndekha. Koma kukhala m'thanki ndi kwina, kufika ku injini ndi kwina. Tsiku lonse palibe amene anaona petulo ndi maso ake. Makaniko uja pomasula sefa ya mafuta ija, manja ake sananyowe. Ndinaona, koma maso anga anali pa dzuwa.

Ndinadzuka. Ndinamasula paipi yolowa m'kabuleta. Youma gwaa, ngakhale dontho. Ndiye kapena pampu yafa? Ndinamasula paipi yochokera ku thanki kulowa mu pampu, kuiika pakamwa, kuyamwa monga tinkachitira pa malole. Munthu ukatero petulo amabwera msanga, umalavula. Koma apa sipanabwere kanthu. Ndinayamwanso ndi mphamvu zonse mpaka makutu kulira. Paipi ija inandikoka lilime ngati msundu. Ine ndikukoka uku, china chake chikukoka uko.

"Namakhwa, ndithyolere kamtengo kowongoka! Ndione m'thankimu ndi maso anga."

Ndinapita pa kamwa ya thanki n'kuyamba kumasula chingwe cha chubu chija. Pepala la pamwamba linali litaphwera m'kati, litamatirira ngati munthu walimiza ndi chala. Chitsononkho sichinafune kutuluka. Ndinachigwira ndi pulayala, kuponda tayala, kukoka. Chinatuluka kuti thu! Ndipo thanki inapuma. Fuuuuu, mpweya ukuthamangira m'kati, mawu aatali ngati ng'ombe yotsitsidwa goli. Kenako pansi pa galimoto panamveka bhu, chitsulo cha thanki chikuwongoka.

A Kalitsiro anabwerera m'mbuyo. "Chimenecho n'chiyani?"

Ine ndinayamba kuseka. Ndinaseka mpaka misozi.

"Mukuseka pafupi ndi bokosi?" anakalipa a Nambewe.

"Alamu, munamwapo thobwa m'botolo la pulasitiki pakamwa mutatsekeratu? Botolo limafinyika, thobwa n'kusiya kubwera, eti? Ndi zimenezi! Mafuta akamatuluka m'thanki, mpweya uyenera kulowa m'malo mwake. Chitsononkho chopanda kanthu chimapumitsa. Ine ndachiveka pulasitiki, ndachimanga pakhosi. Pampu imakoka, kukoka, mpaka kulephera. Tikaima nthawi yaitali, kampweya kamalowa pang'onopang'ono, galimoto n'kulira. Si mapointi, si koyilo, si a Nangozo! Ndazipeza ndekha!"

"Ndiye kuti mwaimanga ndinu," anatero alongo anga.

"Ndinamanga chifukwa cha ulemu! Mukanakonda asewere apite akununkha petulo?"

"Akanapita."

Ndinataya mapepala aja, kubwezera chitsononkho chili chokha. Ndinayamwanso paipi ija, petulo anabwera kudzaza m'kamwa. Sindinamvepo kukoma kotero. Ndinalavulira wina m'chitsekero cha botolo n'kuthira m'kabuleta, kulumikiza mapaipi onse.

Koma batire linali litafa, ndipo tinali pansi pa dambo, kutsogolo chitunda, kumbuyo chitunda. A Kalitsiro ndi Namakhwa anakankha, galimoto inangogwedezeka mumchenga. Ndinaima pa mlatho n'kutulutsa mawu anga onse.

"Amayi inu a m'madimba! Zamaliro kuno! Tithandizeni!"

Mawu anga anthu amawadandaula, koma tsiku limenelo anagwira ntchito. Anabwera amayi aja atasiya makheni awo, anabweranso amuna awiri oumba njerwa, matope ali m'miyendo. Tinagwirizana kukankhira galimoto chammbuyo kukwera chitunda chimene tinatsika chija, kuti ithamange potsika. Ngakhale a Nambewe anakankha nawo, akung'ung'udza. Pamwamba ndinalowetsa giya yachiwiri, kuponda kilatchi, n'kukuwa kuti tiyeni. Inatsetsereka, ndinasiya kilatchi, inagwedezeka, kukhosomola, zii, tabwereranso pa mlatho. Tinakwezanso. Mayi wina anati msana wake wakana. Oumba njerwa anayamba kufunsa ngati muli munthu m'bokosimo, kuti mwina ndiye akulemera. Ulendo wachiwiri inagwira pa mlatho penipeni, utsi wakuda bobobo kumaso kwa onse okankha.

"Kwerani ikuyenda! Sindiima!"

Namakhwa anawakweza a Kalitsiro powagwira lamba. A Nambewe anathamanga duku lili m'manja. Amayi aja ndinawathokoza ndi hutala.

Kuchokera pamenepo galimoto sinajejemenso ngakhale kamodzi. Inathamanga ngati yatsopano, bokosi likudumpha kumbuyo, amuna awiri ataligonera. Fungo la petulo linabwerera, palibe anadandaula.

Tinalowa m'mudzi dzuwa litafiira. Nthambi za maliro zinali zikadali pamsewu. Ndinaimba hutala kuti adziwe kuti Mbewe wafika. Kenako ndinaona anthu akubwera mumzere kuchokera kunkhalango ya kumanda, amuna makasu ndi mafosholo ali paphewa, amayi akuyenda pang'onopang'ono osaimba. Ndinachotsa dzanja pa hutala. Ndinazimitsa galimoto ndekha.

Palibe anathamangira kudzatsitsa bokosi. Anthu ankaliyang'ana, kuyang'ana ine, n'kupitirira kukasamba m'manja. Nabanda, akazi anga, anandiona n'kuphimba nkhope ndi chitenje. Amalume a mkazi wa Limbani anabwera, kundigwira chanza ndi manja awiri.

"Mwafika, a Mbewe. Pepani ndi ulendo."

"Mwaika bwanji?" ndinafunsa. Mawu anga anatuluka aang'ono, ine ndemwe sindinawazindikire.

Anangoloza ndi mutu ku nyumba ya mwana wanga. Pakhomo pake panali pululu, munthu kuona mpaka m'chipinda. Chitseko cha kutsogolo panalibe, cha kuchipinda panalibenso, mahinjesi okha ali lendelende. Pabwalo panali zipalapala za matabwa, sowo, ndi misomali yopindika. Ana ake awiri anakhala pakhonde akuyang'ana m'nyumba mwawo ngati ya eni ake. Amalume aja anandiuza kuti thupi litafika posadikirika, iwo anati abweretse mphasa akulungemo. Limbani anakana. Anatenga hamala yekha, kuzula zitseko zake, ndipo kalipentala wa m'mudzimo anakhoma bokosi anthu akuyang'ana.

Anandiperekeza kumanda kukaona mtumbira. Ndinavula chipewa, kuima pamenepo. A Nambewe analira mokweza m'malo mwa tonsefe.

Limbani ndinamupeza kuseri kwa nyumba yake atakhala pa mtondo wogwetsa, malaya ali dothi lokhalokha, chala chimodzi atachimanga kansalu. Ndinakhala pa njerwa pafupi naye. Ndinafuna adziwe kuti atate ake sanagone panjira, ndiye ndinayamba kumufotokozera zonse: za pa Mpingu, za mapointi, za makaniko wa ku Nsaru amene sanadziwe kanthu, za paipi yokoka lilime, za mmene thanki inapumira. Za lole ya feteleza sindinanene, koma ndinamva a Kalitsiro akuzinena kutsogolo kwa nyumba, ndipo popanda zitseko mawu ankangodutsa. Mwana wanga sanandidule. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, maso ali pa chala chake.

Kenako anati, "Ndamva, abambo. Galimoto yanu mwaichiza. Bokosilo lisatsike m'mudzi muno, anthu akuopa, mubwerere nalo lero lomwe. Mawa munditumizire chitseko, ana anga asagone poyera masiku awiri. Koma chibwere pa njinga."